Chimene chimadya munthu woyambitsa startup si ntchito yokha

Nthawi ili cha m'ma 3 koloko usiku. M'nyumba muli zii, koma iye ali maso. Watenga foni, watsegula akaunti ya kampani, waona ndalama zimene zatsala, watseka, kenako watsegulanso ngati kuti manambala aja asintha. Lachisanu ndi tsiku la malipiro a ogwira ntchito. Kasitomala wamkulu amene analonjeza kulipira sabata yatha sakuyankha mauthenga. Munthu amene anaonetsa chidwi choika ndalama mu kampaniyi anangolemba kuti "tikuganizirabe", ndipo mawu amenewo akhala akuzungulira m'mutu mwake sabata yonse. Kukacha asamba, alowa mu ofesi akumwetulira, n'kuuza anzake kuti zinthu zikuyenda. Akudziwa kuti akangoona mantha pankhope pake, wina ayamba kufunsira ntchito kwina.

Usiku wotere ndi wodziwika kwa ambiri amene anayambitsapo startup. Mawuwa amanena za kampani yatsopano imene ikuyesa njira yachilendo yochitira zinthu, kawirikawiri pogwiritsa ntchito luso la makono, ndipo ikufuna kukula msanga. Wotsegula bizinesi yodziwika kale amadziwa kuti anthu amagula zimene akugulitsazo. Funso lake ndi lakuti agula kwa iye kapena kwa mnzake. Woyambitsa startup sadziwa n'komwe ngati alipo amene akufuna chimene akupangacho, ndipo amadya mpamba mwezi ndi mwezi asanapeze yankho. Eni ntchitoyi ali ndi mawu awo. Ndalama zimene kampani ikuwononga pamwezi amati burn rate, ndipo miyezi imene yatsala kuti thumba liume amati runway, kufanizira ndi msewu umene ndege imathamangapo isananyamuke. Msewu ukatha ndege isanadzuke, zonse zathera pomwepo. Woyambitsa kampani amagona ndi nambala imeneyi m'mutu, n'kudzuka nayo.

Anthu akamakamba za kupsinjika maganizo kwa oyambitsa makampani amathamangira ku maola: akugwira ntchito kwambiri, apume. N'zoona, ndipo tifikako. Koma ine ndimaona kuti muzu wake uli pena. Munthu akhoza kugwira ntchito yolemetsa tsiku lonse n'kugona tulo tofa nato. Chimene chimadya woyambitsa startup ndi kusadziwa za mawa, kusowa munthu womuuza zoona, ndipo koposa zonse, kusakanikirana kwa iye mwini ndi kampani yake mpaka sangathenso kusiyanitsa kuti amene akuvutika ndi ndani.

Thupi limamva zonse

Kupsinjika maganizo si nkhani ya m'mutu mokha. Ubongo ukaona choopsa umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Adrenaline imathamangitsa mtima, kupuma kumafulumira, magazi amathamangira ku minofu. Cortisol imabwera pambuyo pake n'kuchulukitsa shuga m'magazi kuti thupi lipeze mphamvu, ndipo imayamba yachepetsa ntchito zimene zingadikire, monga kugaya chakudya. Katswiri wa ku yunivesite ya Harvard, Walter Cannon, anafotokoza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuti thupi limakonzekera kumenyana kapena kuthawa. Dongosololi ndi labwino ndithu pa choopsa chimene chimabwera n'kupita. Galu wolusa akakuthamangitsa, pakapita mphindi zingapo mtima umakhala pansi.

Tsoka lake n'lakuti ubongo susiyanitsa kwenikweni galu ndi imelo. Uthenga wa kasitomala wokwiya, nambala ya mu akaunti, msonkhano wa mawa ndi oika ndalama, zonsezi zimaliza belu lomwe lija, ndipo belulo silisiya kulira. Mu 1936, Hans Selye, amene ankachita kafukufuku pa makoswe ku Montreal, anaona kuti thupi likapanikizidwa nthawi yaitali limadutsa magawo atatu: kudzidzimuka, kupirira, kenako kutheratu. Gawo lachiwirilo ndi limene limanamiza anthu. Munthu amagwira ntchito bwino, amagona maola anayi n'kudzuka wamphamvu, amadziona ngati chitsulo. Pamenepo n'kuti thupi likubwereka mphamvu, ndipo ngongoleyo imadzabwezedwa mwa mutu wosatha, msana ndi khosi zouma, m'mimba mosakhazikika, kuthamanga kwa magazi, kuiwalaiwala, kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndi kuzilala kwa chilakolako cha m'banja. Ambiri amapita kuchipatala chifukwa cha chimodzi mwa izi osatchula n'komwe za moyo umene akukhala.

Pa nkhani ya kusadziwa za mawa pali kafukufuku amene ndimamukonda chifukwa ndi wosavuta kumva. Mu 2016, akatswiri a ku University College London anasindikiza zotsatira za masewera a pakompyuta amene anthu 45 anachita nawo. Munthu ankavundukula miyala, ndipo akapeza njoka pansi pa mwala ankagwidwa ndi magetsi pang'ono padzanja. Ofufuzawo ankayeza thukuta, kukula kwa mwanadiso ndi zimene anthuwo ankanena za m'mene akumvera. Anapeza kuti anthu ankapanikizika kwambiri pamene mwayi wopeza njoka unali theka ndi theka, kuposa pamene ankadziwiratu kuti agwidwa. Tsoka lodziwika limapiririka kuposa tsoka lokayikitsa. Ndiye taganizirani munthu amene kwa zaka zitatu kapena zisanu akuvundukula miyala yotere tsiku lililonse. Mantha akewo si opeka ayi. Ziwerengero za boma la America zimasonyeza kuti pafupifupi bizinesi yatsopano imodzi pa zisanu zilizonse imatsekedwa chaka choyamba chisanathe, ndipo pafupifupi theka silipitirira zaka zisanu.

Wina anganene kuti, komatu munthuyu ndi bwana, palibe womulamula. Mu 1979, Robert Karasek anafotokoza kuti ntchito imene imadwalitsa kwambiri ndi imene imafuna zambiri kwa munthu koma osam'patsa ufulu wosankha m'mene aigwirire. Potengera pamenepa, woyambitsa kampani anayenera kukhala wotetezeka, ndipo ambiri amayambitsadi makampani pofuna ufulu umenewo. Koma ufulu wake uli pa zinthu zazing'ono: nthawi yolowa, dzina la kampani, munthu womulemba ntchito. Pa zinthu zimene zingaphe kampani, monga ngati makasitomala abwere, ngati oika ndalama avomere, ngati kampani ina yaikulu itengere nzeru yake, alibe mphamvu. Anathawa bwana mmodzi n'kupeza mabwana ambiri. Ndipo zinthu zikalakwika alibe pothawira, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ungauze ndani?

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono. Woyambitsa startup amazunguliridwa ndi anthu tsiku lonse, koma pafupifupi aliyense mwa iwo ali ndi chake chimene angataye. Ogwira ntchito akamva kuti ndalama zatsala za miyezi itatu, akatswiri ndi amene amayamba kuchoka. Oika ndalama akamva kuti mtsogoleri wafooka, amabweza dzanja. Makasitomala akanunkhiza vuto amapita kwina. Kunyumba nako, mkazi kapena mwamuna wake anavomera kuti banja lidzimane zaka zingapo chifukwa cha loto limeneli, ndiye munthu amaopa kumuonjezera katundu. Makolo amene ankati "bwanji osangokhala pantchito yako ija" sangauzidwe n'komwe. Choncho munthu amaphunzira kulankhula chinenero chimodzi chokha: zikuyenda, tikukula, nkhani yabwino ikubwera posachedwa.

Akatsegula masamba a mchezo a pa intaneti monga LinkedIn kapena X amapeza anzake onse akulankhula chinenero chomwecho. Uyu wapeza ndalama, uyo watsegula nthambi, wina walandira mphoto. Palibe amene amalemba kuti dzulo ndinalira m'galimoto ndisanalowe mu ofesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma iye amaona nyerere zake zokha n'kumaganiza kuti mikuyu ya anzake ndi yabwino mpaka m'kati. Amafika pokhulupirira kuti vuto ndi iyeyo.

Kenako pali chinthu chachitatu chija. Munthu wolembedwa ntchito akamanidwa kontrakiti amati kampani yathu yaluza. Woyambitsa amati ndaluza. Dzina lake lili pa zikalata, nkhope yake ndi imene anthu amaidziwa, anzake amamutchula ndi dzina la kampani, ndipo nthawi zambiri ndalama zoyambira zinachokera m'thumba mwake ndi kwa abale amene anamukhulupirira. Pang'ono ndi pang'ono masewera amene ankakonda amasiyidwa, macheza amatha, kupemphera kapena kuwerenga kumadikira tsiku limene zinthu zidzakhazikike. Chimatsala ndi kampani yokha. Zikafika pamenepo, malonda akakwera munthu amadziona wofunika, akatsika amadziona wachabechabe. Ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni, chifukwa kampani ikhoza kufa, ndipo zambiri zimafadi. Ngati munthu ndi kampani zasanduka chinthu chimodzi, imfa ya kampani imaoneka ngati mapeto a moyo wake.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji? Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Michael Freeman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku University of California, San Francisco, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Iye ndi anzake anafunsa anthu 242 oyambitsa mabizinesi. Anthu 49 pa 100 alionse ananena kuti anadwalapo vuto limodzi kapena angapo a m'maganizo pamoyo wawo. Anthu 30 pa 100 anatchula depression (matenda a chisoni chachikulu chokhalitsa), 29 pa 100 anatchula ADHD (vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi), 12 pa 100 vuto la mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, ndipo 11 pa 100 anatchula bipolar (matenda amene munthu amasinthasintha pakati pa mphamvu zopitirira muyeso ndi chisoni chachikulu). Manambalawa tiziwagwira mosamala. Anthuwo anali ochepa ndipo ankanena okha za thanzi lawo, komanso kafukufuku wotere sasonyeza kuti bizinesi ndi imene inawadwalitsa. Freeman mwiniwake anaganiza kuti mbali ina ya nkhaniyi imayenda chobwerera: makhalidwe amene amakokera munthu ku bizinesi, monga mphamvu zosefukira, kulimba mtima poika zinthu pachiswe ndi maganizo othamanga, amayendera limodzi ndi ena mwa matendawa. Ngati zili choncho, munthu amene kubanja kwawo kuli mbiri ya matenda a maganizo akuyenera kudzisamala kwambiri akamalowa m'moyo wa tulo tochepa ndi mantha osatha, chifukwa kusowa tulo kumadzutsa matenda ngati bipolar.

Kutopa kotheratu ndi depression si chinthu chimodzi

Anthu amasakaniza mawu awiriwa, ndipo kusakanizako kumachedwetsa thandizo. Mawu akuti burnout, kutanthauza kutopa kotheratu, anawatchukitsa ndi Herbert Freudenberger mu 1974, ataona m'mene anthu odzipereka pachipatala china chaulere ku New York ankayambira ntchito ndi moto, kenako n'kuzilala mpaka kutheratu. Christina Maslach anapitiriza kafukufukuyu ndipo mu 1981 anatulutsa mafunso oyezera vutoli. Mu 2019, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza burnout m'buku lake la matenda la ICD-11 ngati vuto lochokera kuntchito, osati matenda paokha. Linati zizindikiro zake ndi zitatu: kutha mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima kapena kuyamba kuinyoza, ndi kulephera kuigwira bwino ngati kale. Chachiwiricho n'chimene chimapweteka kwambiri oyambitsa makampani. Munthu amene ankakamba za malonda ake mpaka anzake kutopa, tsiku lina amapezeka kuti foni ya kasitomala ikalira akumva kunyansidwa. Amachita manyazi, poganiza kuti wasanduka waulesi kapena wosayamika, pamene kwenikweni nkhuni zatha.

Burnout imamangirira pa ntchito. Munthu akatalikirana nayo, akapuma mokwanira, katundu akachepa, amayamba kubwerera mwakale, ndipo kunja kwa ntchito amatha kusekabe. Depression imakutsata kulikonse. Madokotala amaiganizira pamene kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wachisoni kapena sakusangalalanso ndi zimene ankazikonda, ndipo pamwamba pake tulo tasokonezeka, kadyedwe kasintha, mphamvu palibe, maganizo sakukhazikika, akudziona wopanda pake kapena akuganiza za imfa. Imeneyi sichoka ndi tchuthi cha sabata imodzi. Ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala. Nkhawa yopitirira muyeso nayo ndi matenda ena. Ena amagwidwa ndi mantha adzidzidzi, mtima kugunda ngati ng'oma, kubanika, thukuta, dzanzi m'manja, mpaka kuganiza kuti akufa. Zimafika pachimake m'mphindi zochepa n'kuyamba kutsika. Zikachitika koyamba ndi bwino kupita kuchipatala kuti akaone mtima, ndipo ukapezeka kuti uli bwino, munthu asakane dokotala akatchula nkhawa.

Za maola ndi tulo

Tsopano tifike ku maola aja. M'dziko la ma startup muli chikhulupiriro chakuti kusagona ndi umboni wa kudzipereka. Mu August 2018, Elon Musk, mkulu wa kampani ya magalimoto ya Tesla, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti ankagwira ntchito maola okwana 120 pasabata ndipo nthawi zina ankadalira mankhwala kuti agone. Achinyamata ambiri anamva nambala ija n'kuisirira, osamva kuti munthuyo ankafotokoza chaka chowawa. Arianna Huffington, patatha zaka ziwiri atayambitsa nyuzipepala ya pa intaneti ya Huffington Post, anakomoka mu 2007 chifukwa cha kutopa, anamenyetsa nkhope pa desiki n'kuthyoka fupa la patsaya. Kuchokera pamenepo wakhala akulankhula za kufunika kwa tulo.

Manambala ake ndi omveka. Mu 2021, WHO pamodzi ndi bungwe la zantchito la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pasabata kumayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha sitiroko ndi 35 pa 100, ndi cha kufa ndi matenda a mitsempha ya mtima ndi 17 pa 100, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 anthu 745,000 anamwalira chifukwa cha zimenezi. Pa za tulo, akatswiri a ku Australia anasonyeza mu 1997 kuti munthu akakhala maso maola 17, kachitidwe kake ka zinthu kamafanana ndi ka munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, umene ndi malire oyendetsera galimoto m'mayiko ambiri. Palibe mtsogoleri amene angalole kusaina kontrakiti atamwa, koma ambiri amasankha zochotsa munthu ntchito kapena zogulitsa gawo la kampani atagona maola anayi kwa sabata yathunthu. Choipa china n'chakuti munthu wosowa tulo sadziwa kuti nzeru zake zatsika. Ntchito yaikulu ya woyambitsa kampani ndi kusankha bwino pa zinthu zochepa zikuluzikulu, ndipo akatswiri a tulo amati munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo.

Khofi ndi mowa zimalowa m'nkhaniyi mwakachetechete. Theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chimene chimathawitsa tulo, limakhalabe m'thupi patatha maola pafupifupi asanu, choncho kapu ya madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pakati pa usiku. Mowa umagonetsa msanga koma umaduladula tulo chakum'mawa. Munthu amadzuka wotopa, n'kuonjezera khofi, madzulo n'kuonjezera mowa kuti atsike, ndipo gudumu limazungulira.

Chimathandiza n'chiyani?

Sindikhulupirira malangizo ongoti "muzipuma" operekedwa kwa munthu amene malipiro a anthu khumi ali pamutu pake. Thandizo lenileni liyenera kugwira mizu itatu ija.

Kusadziwa za mawa sikungatheretu, koma kukhoza kuikidwa mu mpanda. Nkhawa imakula kwambiri pa nambala zimene munthu akuopa kuziona bwinobwino. Kusuzumira mu akaunti usiku si kuwerengera, ndi kudzizunza. Ndi bwino kusankha tsiku limodzi pasabata, masana, pamodzi ndi mnzanu woyambitsa naye kapena wowerengera ndalama, n'kulemba papepala: tili ndi zingati, tikudya zingati, zitha liti, ndipo tichita chiyani runway ikafika miyezi isanu ndi umodzi, chiyani ikafika itatu. Zikalembedwa, ubongo sufunikanso kuzinyamula usiku. Chovuta koma chofunika koposa ndi kudziikira malire mtima ukadali m'malo: ndalama zanga zimene ndingaike zithera apa, nyumba ya banja sindidzaiika chikole, ndipo zikadzafika pakutipakuti ndidzatseka. Malire otere saikika bwino m'kati mwa moto. Komanso woyambitsa kampani azidzilipira, ngakhale pang'ono, ndalama zikangolola. Mtsogoleri amene akuganiza za lendi ya nyumba yake mu msonkhano sangaganize bwino za kampani.

Pa kusungulumwa, mankhwala ake ndi munthu mmodzi kapena awiri amene alibe chotaya kampani yanu ikagwa. Kawirikawiri ameneyu ndi mnzanu amene akuyendetsa kampani yake kapena anadutsamo kale, amene mukamuuza kuti Lachisanu mulibe malipiro sadzidzimuka komanso sakupatsani ulaliki. Magulu aang'ono a oyambitsa makampani amene amakumana mwezi ndi mwezi, ndi pangano lakuti zokambidwa pano zithera pano, amathandiza pa chifukwa chomwechi. Brad Feld, woika ndalama m'makampani komanso mmodzi mwa oyambitsa Techstars, bungwe lothandiza ma startup kukula, analemba poyera za depression yake mu 2013, ndipo zinathandiza ambiri kuona kuti munthu akhoza kuvomera kudwala osataya ulemu wake pantchito. Ndinganenenso kuti kubisira ogwira ntchito chilichonse sikuteteza kwenikweni. Anthu amaona. Kuwauza zoona mwadongosolo, kuti zinthu zili apa ndipo tikuchita izi, kumachotsa katundu wonamizira, umene umalemera kuposa m'mene timaganizira. Kunyumba nako, wokondedwa wanu amavutika kwambiri ndi chete wanu kuposa ndi nkhani yoipa.

Ngati muli awiri kapena atatu oyambitsa, ubale wanuwo ukhoza kukhala mthunzi kapena ng'anjo. Nkhani za magawo a umwini, za amene ali ndi mawu omaliza, za amene akuoneka kuti sakukoka mokwanira, zikasiyidwa zimawola. Khalani ndi nthawi yokambirana za inu eni, osati za malonda, ndipo mapangano alembedwe mukadali okondana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zimenezi zikukhudzanso kugawa ntchito. Woyambitsa amene amafuna kuona imelo iliyonse ndi lisiti lililonse amadzitopetsa, komanso amaphunzitsa anthu ake kusaganiza.

Kulekanitsa munthu ndi kampani ndiyo ntchito yotenga nthawi. Imayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono: chinthu chimodzi pasabata chimene simuli bwana, kaya ndi mpira, kwaya, munda, kapena kusewera ndi ana foni ili chipinda china. Anthu amene amakudziwani kuyambira kale, amene sasamala kuti kampani yakula kapena ayi, ndi chuma. Kulimbitsa thupi kuli m'gulu lomweli. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pasabata za masewera apakatikati monga kuyenda ndawala, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti zimachepetsa zizindikiro za depression ndi nkhawa. Kumvetsera kalankhulidwe kanu kumathandizanso. "Njira imene tinayesa sinagwire" ndi chiganizo choona. "Ndine wolephera" ndi chiweruzo chimene manambala sananene.

Kusiyanitsa ziganizo ziwirizi ndi mtima wa chithandizo cholankhulana chotchedwa CBT, chimene Aaron Beck anayambitsa m'zaka za m'ma 1960. Mlangizi amathandiza munthu kugwira ganizo limene limabwera lokha, monga lakuti kasitomala uyu akachoka ndatha, n'kuliyesa ngati lili ndi umboni. Oyambitsa makampani ambiri amachipeza chosavuta kuchilandira chifukwa chimafanana ndi m'mene amayesera nzeru za malonda. Sipafunika kudikira mpaka zinthu zitafika poipa. Kwa ena dokotala amaonjezera mankhwala, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi popanda kukambirana naye. Kumwa mankhwala otere sikusiyana ndi kumwa a kuthamanga kwa magazi.

Oika ndalama ndi mamembala a bodi nawonso ali ndi mbali. Amene amatamanda woyambitsa chifukwa choyankha mauthenga pakati pa usiku akuotcha ndalama zake zomwe. Funso lakuti "nanga inuyo muli bwanji", lofunsidwa pawiri ndipo yankho lake osadzaligwiritsa ntchito ngati chida, limasintha zambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kudikira. WHO imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mavuto a zachuma, ngongole ndi manyazi ndi zina mwa zinthu zimene zimakankhira anthu kumeneko. Ngati mwayamba kuganiza kuti banja lanu likanapepukidwa inu kulibe, kapena kuti imfa ndiyo njira yokhayo yotulukira mu ngongole, uzani munthu lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala kapena imbani nambala ya thandizo ya m'dziko lanu. Musakhale nokha, ndipo chilichonse chimene mungadzivulaze nacho chichotsedwe pafupi. Maganizo amenewa ndi chizindikiro cha matenda, ndipo amadutsa munthu akalandira thandizo. Ngati ndi mnzanu amene wayamba kulankhula motsanzika, kugawa zinthu zake, kapena kudekha modabwitsa pambuyo pa miyezi ya chisoni, m'funseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwake. Nthawi zambiri kumam'patsa mpata woyamba wolankhula.

Ndipo kampani ikatsekedwadi, masabata oyambirira amakhala ngati maliro. Munthu amadzukabe nthawi yomwe ija, dzanja n'kupita pa foni, koma mauthenga palibe. Amapewa misonkhano poopa funso lakuti "kampani ija ikuyenda bwanji". Ena amathamangira kuyambitsa china mawa lake lomwe kuti asamve ululu, n'kunyamula kutopa konse kupita nako kumeneko. Chimene chimathandiza pa nthawiyi ndi kumaliza bwino zimene zingamalizike: kulankhula pamaso ndi ogwira ntchito ndi kuwathandiza kupeza kwina, kulembera oika ndalama zoona zake, kukhala pansi ndi amene muli nawo ngongole n'kugwirizana kabwezedwe. Abale ndi abwenzi asafulumire kufunsa kuti ndiye uchita chiyani tsopano. Abwere, akhale naye, ayende naye madzulo, ndipo ngati patatha masabata awiri kapena atatu sakudya, sakugona ndipo sakutuluka m'nyumba, am'perekeze kwa dokotala.